Nyumba siidasunthe, dera ndilo lidasamuka: za malire a aphungu ndi maina athu m'kaundula



Kutatsala masiku ochepa kuti chisankho cha pa 4 Julayi 2024 chichitike, mayi wina wachikulire wa m'bungwe lathu adandikokera pambali titatuluka m'mapemphero, natulutsa kakhadi m'chikwama mwawo. Kadali kakhadi kaja a khonsolo amatumiza kodziwitsa munthu tsiku ndi malo oponyera voti. Adandipatsira nati: "Achimwene, tandiwerengerani bwino apa. Kodi ine ndidasamuka liti?" Mayiwa akhala ku Harlesden zaka zoposa makumi awiri, khomo lake lomwelo, basi yake yomweyo, msika wake womwewo. Koma kakhadi kaja kankati phungu amene akukamusankha ndi wa dera la Queen's Park and Maida Vale. Ku Maida Vale iwo amangodutsako pa sitima ya pansi pa nthaka akamapita kuntchito, sadatsikepo n'kamodzi komwe.

A khonsolo sadalakwitse. Mayiwa sadasamuke ayi, koma mzere wa pa mapu ndiwo udawadumpha usiku iwo ali m'tulo, ndipo podzuka adapezeka ali m'khola lina.

Nkhani ya malire a madera a aphungu ndi imodzi mwa nkhani zimene ambirife timaziyesa za eni dziko. Tikakumana timakambirana za mtengo wa feteleza kumudzi, za kugwa kwa kwacha, za amene wakwera ndi amene watsika ku Lilongwe, mpaka tiyi kuzizira m'makapu. Koma za mzere umene wadutsa kuseri kwa nyumba imene tikugonamo kuno, timangoti n'za azungu, zisatitayitse nthawi. Ine ndikuona mosiyana. Mzerewu saujambula poyang'ana nkhope za anthu okhala m'makwalala, kapena powerenga ana a m'sukulu ndi odwala a m'zipatala. Amaujambula powerenga maina olembedwa m'kaundula wa ovota. Ife Amalawi tili ndi ufulu wolembetsa m'kaundulamo, ufulu umene anzathu ambiri ochokera maiko ena amausirira, komabe maina athu ambiri mulibe.

Tiyambe ndi Harlesden yemweyo, popeza ndi malo amene ali ndi mbiri yathu. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, Dr Hastings Kamuzu Banda adatsegula kachipatala kake kumeneko, nakhala akuchiza anthu a mbali imeneyo ya London kufikira mu 1953 pamene adapita ku Gold Coast. Masiku amenewo Harlesden adali m'dera la phungu lotchedwa Willesden West. Mu 1974 dzinalo lidafafanizidwa, padabwera Brent South. Mu 2010 lidasinthanso kukhala Brent Central. Ndipo kuyambira mu 2024 wodi ya Harlesden and Kensal Green idaphatikizidwa ndi Kilburn ndi Queens Park, zonse za m'khonsolo ya Brent, kenaka n'kulumikizidwa ndi mawodi a m'khonsolo ya Westminster monga Church Street, Harrow Road, Westbourne, Little Venice ndi Maida Vale. Mawodi oyandikana nawo a Roundwood ndi Stonebridge, kumene anthu ambiri amadzitchanso kuti ndi a ku Harlesden, adapita ku dera lina la Brent East. Munthu wobadwira pafupi ndi wotchi yakale ija ya pakati pa Harlesden m'masiku a Dr Banda, ngati ali moyo lero, wavotapo m'madera anayi osiyana asadachoke pakhomo pa makolo ake.

Ndatchula Dr Banda pa chifukwa china choposa kungokumbukira zakale. Ali ku London kuno, iye adalimbana kwambiri ndi ganizo la Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Ankalemba makalata, ankakumana ndi aphungu a chipani cha Labour, ankalandira nthumwi zochokera kwathu. Kumayambiriro kwa 1953 mafumu a ku Nyasaland adawoloka nyanja kudzadandaula, koma sadaloledwe kuonana ndi Mfumukazi. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo ya ku Westminster idavomereza Chitaganyacho, ndipo chidatipanikiza zaka khumi kufikira pa 31 Disembala 1963. M'nyumba imeneyo mudalibe phungu ndi mmodzi yemwe wosankhidwa ndi anthu a ku Nyasaland. Kunena mosapsatira, wogulitsa nsomba wa ku Willesden West adali ndi mawu ochuluka pa tsogolo la Ntcheu ndi Karonga kuposa mafumu onse aja pamodzi, chifukwa iye adali ndi phungu, iwo adalibe. Nyumba yomweyo lero yatitsegulira khomo, ndipo ife adzukulu a anthu aja tikulidutsa ngati sitikuliona.

Tsono malirewa amawadula bwanji? Ntchitoyi ku England ili m'manja mwa bungwe loima palokha lotchedwa Boundary Commission for England. Pa pepala wapampando wake ndi Sipikala wa House of Commons, koma amene amayendetsadi ntchito ndi wachiwiri wake, yemwe amakhala woweruza wa khoti lalikulu. Lamulo la mu 2020 lidakhazikitsa kuti aphungu onse a United Kingdom akhale 650. Bungwelo lidatenga chiwerengero cha ovota amene adali m'kaundula pa 2 Malichi 2020, nkuchigawa, ndipo padapezeka kuti dera lililonse liyenera kukhala ndi ovota 73,393. Lamulo limalola kusiyana pang'ono chabe, magawo asanu pa 100 alionse kupita m'mwamba kapena pansi. Motero dera silingakhale ndi ovota ochepera 69,724 kapena oposa 77,062. Madera asanu okha a pa zilumba ndiwo adapatulidwa ku lamuloli, monga Orkney and Shetland ku Scotland ndi Ynys Môn ku Wales, chimodzimodzi mmene kwathu chilumba cha Likoma chakhalira ndi phungu wakewake ngakhale anthu ake ndi ochepa.

Masamu amenewa atachitika, England adawonjezera aphungu kuchoka pa 533 kufika pa 543, Scotland adatsika kuchoka pa 59 kufika pa 57, Wales adagwa kwambiri kuchoka pa 40 kufika pa 32. London adali ndi madera 73, tsopano ali ndi 75.

Kusinthaku kudachedwa, ndipo kudafunikadi. Malire amene adagwiritsidwa ntchito pa zisankho za 2010, 2015, 2017 ndi 2019 adajambulidwa potengera kaundula wa m'chaka cha 2000. Kawiri konse, mu 2013 ndi mu 2018, ntchito yokonza malire atsopano idafera m'mazira chifukwa andale sadagwirizane, makamaka pa ganizo lochepetsa aphungu kufika pa 600. Phungu ndani angavomere msanga kuchotsa mpando umene waukhalira? N'chifukwa chake lamulo la 2020 lidalanda aphungu mphamvu yokana lipoti la bungwelo. Likatuluka latuluka. Pa zaka zonsezo anthu adali akuchulukana kum'mawa kwa London, kotero kuti pofika mu 2019 dera la West Ham lidali ndi ovota opitirira 90,000. Voti ya munthu wa ku Stratford idali yopepuka poyerekeza ndi ya munthu wa m'dera laling'ono ku Wales. Lero makhonsolo a Newham ndi Tower Hamlets, amene adali ndi aphungu anayi, ali ndi asanu, ndipo dera latsopano la Stratford and Bow lidawoloka mtsinje wa Lea kuti masamu akwanire. Phungu wake woyamba, Uma Kumaran, ndi mwana wa makolo achi Tamil amene adathawa ku Sri Lanka.

Pa mfundo yoti mavoti akhale olemera mofanana, ine sinditsutsa. Koma pali zinthu ziwiri zimene sizindisangalatsa, china chaching'ono, china chachikulu.

Chaching'onocho ndi kupanikiza kwa lamulo la magawo asanu pa 100. Lisanabwere lamuloli mu 2011, odula malire ankayesetsa kulemekeza malire a makhonsolo a London. Tsopano nambala ndiyo mfumu, ndipo wodi imanyamulidwa yathunthu ngati thumba la chimanga kuchoka m'nkhokwe ina kupita m'nkhokwe ina kuti sikelo ilingane. Zotsatira zake ndi madera onga la mayi aja, lotambalala motsata msewu wa Harrow Road ndi njanji ya Bakerloo, kuyambira ku mashopu a nyimbo za reggae ndi malo odyera a anthu a ku Jamaica, Brazil ndi Somalia a ku Harlesden, kukafika ku nyumba zoyera za m'mbali mwa ngalande ku Little Venice, kumene mtengo wa nyumba imodzi ungamange sukulu zingapo kwathu. Ndisanamizire kuti mbali ya Westminster ndi ya olemera okhaokha. Ku Church Street ndi ku Westbourne kuli umphawi woluma ngati wa kwina kulikonse. Komabe phungu amene adasankhidwa m'derali mu 2024, Georgia Gould, adalandira ntchito yolankhula ndi makhonsolo awiri, maofesi awiri a za nyumba, ndi anthu amene mavuto awo sagwirizana nkomwe. Zimenezi munthu wakhama angazikwanitse, ndipo sindikuti dziko lagwa nazo.

Chachikulu ndi ichi: kodi akuwerenga chiyani? Phungu amaimira munthu aliyense wokhala m'dera lake, wovota ndi wosavota yemwe. Mwana wa sukulu, mlendo wodikira mapepala, munthu wa ku Brazil amene alibe ufulu wosankha phungu, onsewa akagogoda pa ofesi yake ayenera kuwatsegulira. Pali mwambo wa aphungu kuno woti phungu samalowerera nkhani ya munthu wa m'dera la mnzake, n'chifukwa chake mukalemba kalata chinthu choyamba chimene amafunsa ndi adiresi yanu. Ambiri a ife tikudziwa kuti pamene fayilo yagona miyezi ndi miyezi ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka, kapena pamene mwininyumba akukana kukonza denga lodontha, kalata ya phungu ndiyo nthawi zina imagwedeza zinthu. Tsono ngati ntchito ya phungu ikukula molingana ndi anthu okhala m'dera, bwanji dera likuyezedwa ndi maina a m'kaundula okha?

Yankho lake likadakhala losavuta kaundula akadakhala wathunthu. Koma si wathunthu. Mu 2023 bungwe loyang'anira zisankho kuno, la Electoral Commission, lidaulula kuti anthu ofika 8 miliyoni m'dziko lonse la United Kingdom sadalembedwe kapena adalembedwa molakwika pa adiresi imene akukhala. Ndipo osowawo sadamwazikane mofanana. Mwa anthu 100 alionse okhala m'nyumba zawozawo zolipira kale, pafupifupi 95 adali m'kaundula. Mwa ochita lendi kwa eninyumba wamba, adali pafupifupi 65 okha. Mwa nzika za maiko a Commonwealth, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse adalibemo. Tawerengani mndandandawu mofatsa: wochita lendi, wosamukasamuka, wachinyamata, wochokera kunja. Kodi si chithunzi chathu chimenechi? Dera lodzala ndi anthu otere limaoneka laling'ono pa pepala pamene m'makwalala anthu akupondana. Likaoneka laling'ono amaliwonjezera mawodi ena, ndipo phungu mmodzi amasenza katundu amene kumidzi ya ku Surrey akadasenza anthu awiri. London adapatsidwa madera awiri okha owonjezera. Akadalembedwa onse oyenera kulembedwa, ndikukhulupirira kuti akadalandira oposa pamenepo.

Pa mfundo imeneyi malamulo a kwathu adaona patali kuposa a kuno, ngakhale sitizolowera kumva zotere. Gawo 76 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi limalamula bungwe la chisankho kuti madera akhale ndi chiwerengero chofanana cha anthu oyenera kulembetsa, osati olembetsa kale okha ayi. Limatinso aganizire za kuthithikana kwa anthu, mayendedwe, mapiri ndi mitsinje, ndiponso malire a maboma. Munthu amene sadapite kukalembetsa chifukwa mlatho udakokoloka amawerengedwabe. Pa pepala n'zokoma. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Gawo lomwelo linkati malire aziunikidwa pasanathe zaka zisanu zilizonse, koma titachoka pa aphungu 177 a mu 1994 kufika pa 193 a mu 1999, tidakhala pomwepo zaka zoposa makumi awiri. M'zaka zimenezo mizinda idatupa. Dera lina la pakati pa mzinda wa Lilongwe lidafika pokhala ndi ovota oposa 100,000 pamene Likoma sadafike ngakhale 10,000. Ntchitoyi idadzachitika mu 2021 ndi 2022, bungwe la Malawi Electoral Commission lili pansi pa Justice Chifundo Kachale, ndipo pa chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 madera adali 229. Ena adadandaula kuti dziko losauka lidziwonjezera bwanji aphungu 36, aliyense ndi malipiro ake ndi galimoto lake. Dandaulo limenelo ndi lomveka. Anzathu kuno adasunga nambala ya 650 nangosuntha mizere, pamene ife tidapewa kukhumudwitsa aliyense powonjezera mipando. Aliyense ali ndi pomwe akutsimphina.

Ambiri a inu mudatsatira nkhani ya madera 229 ija mwachidwi, mumadziwa kuti mudzi wanu udagwera mbali iti, ndipo ena mudakangana pa foni mpaka usiku. Koma pa chisankho chimenecho simudavote, pokhapokha ngati mudakwera ndege kukalembetsa ndi kubwereranso kukaponya, pakuti Mmalawi wokhala kunja sadapatsidwe njira yovotera komwe ali. Voti imene muli nayo m'manja ndi ya kuno. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ndifotokoze bwino za ufuluwu, chifukwa ndakumana ndi anthu ophunzira bwino amene sakuudziwa. Malawi ndi membala wa Commonwealth kuyambira mu 1964. Nzika ya dziko la Commonwealth imene ili ndi chilolezo chokhala muno, kaya ndi chokhalitsa, kaya ndi cha ntchito, kaya ndi cha sukulu, ili ndi ufulu wolembetsa ndi kuvota pa zisankho zonse: cha phungu, cha makhansala, cha Meya wa London. Simufunika kudikira pasipoti ya Britain. Namwino amene adatsika ndege chaka chatha, mlongo amene akusamalira okalamba pa viza ya ntchito, mnyamata amene akuphunzira pa yunivesite, onsewa ndi ovota. Chimodzimodzinso abale athu a ku Zambia, a ku Mozambique amene dziko lawo lidalowa Commonwealth mu 1995, ngakhalenso a ku Zimbabwe, amene ufuluwu sudawachokere ngakhale dziko lawo lidatuluka mu 2003. Mfalansa kapena Mjeremani amene wakhala muno zaka makumi atatu sangasankhe phungu ngati sadatenge unzika. Inu mungathe.

Zifukwa zimene timapereka ndikuzidziwa, chifukwa zina ndidazinenapo ndekha m'zaka zanga zoyamba. Choyamba ndi chakuti ndife alendo, mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Tonse tidabwera tikunena kuti zaka ziwiri zokha, tikamanga nyumba ku Area 25 kapena ku Chilomoni tibwerera. Taonani tsopano imvi zili mbuu, ana akulankhula Chingerezi cha ku Peckham, ena mwa anzathu tidawaika m'manda a konkuno. Mame amene akhala zaka makumi awiri asanduka chitsime. Ndipo kulembetsa kuno sikukuchotserani Umalawi. Ngakhale iwo amene adatenga pasipoti ya Britain, Nyumba ya Malamulo ya kwathu idavomereza unzika wa maiko awiri mu Disembala 2018.

Chachiwiri ndi mantha, ndipo mantha sindiwaseka. Munthu amene wavutika ndi mapepala amaopa envelopu iliyonse ya bulauni. Tinene zoona zokhazokha. Amene alibe chilolezo chokhala muno asalembetse, ndipo wina asamunyengerere kutero, chifukwa kupereka mbiri yabodza pa fomu imeneyi ndi mlandu umene ungamuonongere tsogolo. Koma amene mapepala ake ali bwino palibe choopa. Kaundula ali pawiri. Pali wathunthu, amene amagwiritsidwa ntchito pa zisankho, pofufuza milandu, posankha anthu okathandiza kuweruza milandu kukhoti, ndi pounika oyenera kupatsidwa ngongole. Palinso wina wotseguka amene aliyense angagule, ndipo m'menemo muli ndi ufulu wokana kuti dzina lanu lisalowe, pongochonga kabokosi. Inde, mukakhala muno zaka zisanu mungathe kuitanidwa kukakhala pa gulu loweruza mlandu, ndipo ena amaona ngati chipsinjo. Walira mvula walira matope. Koma kumbali ina, amene adayesapo kutenga ngongole ya nyumba kapena ya galimoto akuuzani kuti dzina likasowa m'kaundula, a banki amakuyang'anani ngati mzukwa.

Chachitatu ndicho cholimba, ndipo ndikuchivomereza theka. Amati Amalawi ndife ochepa, tamwazikana kuyambira ku Enfield mpaka ku Croydon, sitingasunthe mzere ngakhale tonse titalembetsa mawa. N'zoona, patokha sitingathe. Sitili ngati anzathu a ku Bangladesh ku Tower Hamlets, amene kuchuluka kwawo kumaoneka pa tsiku la chisankho. Koma m'nyumba zimene tikukhala, m'mipingo imene tikupemphera, m'mashifiti a usiku amene tikugwira, tili pamodzi ndi anthu a ku Nigeria, Ghana, Kenya, Uganda, Jamaica ndi India, onse a ufulu womwewu, ambiri a iwo osalembetsanso. Mmodzi mwa atatu uja tikamuphatikiza London yense, ndi khamu loti lingabale madera athunthu. Ndipo pa tsiku loponya voti, London waonetsa kambirimbiri kuti anthu ochepa amagamula. Mu 2005 mpando wa Croydon Central udapita ndi mavoti 75. Mu 2017 wa Kensington udapita ndi mavoti 20. Mu 2024 ku Hendon, David Pinto-Duschinsky adapambana ndi mavoti 15 okha, kusiyana kochepetsetsa m'dziko lonse chaka chimenecho. Anthu khumi ndi asanu! Pa chinkhoswe chathu chilichonse ophika nsima okha amaposa pamenepo.

Ndiponso tisaiwale kuti dera lomwe lija la Brent South, m'mene mudali Harlesden, ndilo lidatumiza Paul Boateng ku Nyumba ya Malamulo mu 1987, mwana wa nduna yakale ya boma la Kwame Nkrumah. Adalowa chaka chimodzi ndi Diane Abbott wa ku Hackney North and Stoke Newington ndi Bernie Grant wa ku Tottenham, ndipo mu 2002 Boateng adakhala munthu wakuda woyamba kulowa m'kabineti ya dziko lino. Anthuwa sadagwe kumwamba. Adakwera pa mapewa a amayi ndi abambo ochokera ku Caribbean ndi ku Africa amene adagwira ntchito m'mabasi ndi m'zipatala, nalembetsa maina awo pa nthawi imene kuchita zimenezo kunkafuna mtima wolimba kuposa lero.

Pali chinanso chimene tidachiphonya. Bungwe lodula malire silidagwire ntchito mobisa. Lidatulutsa maganizo ake oyamba mu Juni 2021 nkupereka masabata asanu ndi atatu kuti anthu ayankhepo. Kumayambiriro kwa 2022 lidachititsa misonkhano yapoyera kumene munthu wamba ankaimirira nkulankhula. Mu Novembala 2022 lidatulutsa mapu okonzedwanso, ndipo lipoti lomaliza lidatuluka mu Juni 2023. Anthu masauzande ambiri adalemba, mipingo, magulu a anthu okhala m'dera limodzi, ngakhale munthu payekha wodandaula kuti msewu wake waduliridwa kutali ndi sukulu ya ana ake. M'malo ambiri mizere ndi maina zidasinthadi chifukwa cha makalata amenewa, pakuti lamulo limalola bungwelo kuganizira za ubale wa anthu a m'dera umene ungaduke. Ine sindikukumbukira kuti pa misonkhano yathu yonse ya zaka zimenezo nkhaniyi idatchulidwapo, ndipo chala ndikuloza ndekha poyamba, popeza ndidali nawo pa mpando wakutsogolo. Tidakambirana za ndalama za maliro, za yunifolomu ya kwaya, za amene adzabweretse chambo pa 6 Julayi. Zonsezo n'zofunika. Koma kalata imodzi ya tsamba limodzi, yonena kuti anthu a ku Harlesden, Roundwood ndi Stonebridge amagula pa msika umodzi ndipo amapemphera pamodzi, sitidalembe. Mwina sikadasintha kanthu. Sitidzadziwa.

Mpata wina ukubwera, ndipo uli pafupi kuposa mmene ukuonekera. Lamulo likuti malire aziunikidwa zaka zisanu ndi zitatu zilizonse, ndipo lipoti lotsatira liyenera kuperekedwa pasanafike pa 1 Okutobala 2031. Wina angati 2031 ndi kutali. Koma maina amene adzawerengedwe si a mu 2031 ayi, ndi a m'kaundula wa kumapeto kwa 2028. Amene adzakhale kunja kwa kaundula pa nthawi imeneyo adzakhala wosaoneka pa mapu amene adzagwire ntchito mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 2030. Mu Julayi 2025 boma lidalengeza kuti likufuna kutsitsa zaka zoyambira kuvota kufika pa 16, ndiponso kuyamba njira yoti anthu azilowa m'kaundula popanda kudzaza fomu. Zikatheka zidzathandiza. Koma malonjezo a boma, kuno ngakhale kwathu, munthu saphikira madzi asadaone ufa.

Pempho langa kwa akuluakulu a komiti ndi laling'ono. Pa chikondwerero chathu cha ufulu, ndi pa misonkhano ikuluikulu, pakhale tebulo limodzi pafupi ndi khomo, pali kompyuta ndi wachinyamata mmodzi wodziwa kuigwiritsa ntchito. Kulembetsa pa intaneti kumatenga mphindi zisanu. Chofunika ndi dzina, adiresi, tsiku lobadwa, dziko la unzika ndi nambala ya National Insurance. Kuyambira mu 2014 munthu aliyense amalembetsa yekha, mutu wa banja sangakulembereni monga zinkachitikira kale, ndipo mukasamuka nyumba muyenera kulembetsanso, pakuti dzina silikutsatirani lokha. Apa ndi pamene ambiri timagwera. Chaka chilichonse, kuyambira chapakati pa chaka, a khonsolo amatumiza kalata yofunsa amene akukhala pa nyumba. Musaiponye pamodzi ndi mapepala otsatsa pizza. Ndipo popeza kuyambira mu 2023 povota pamafunika chiphaso chokhala ndi chithunzi, dziwani kuti pasipoti yanu ya Malawi ndi yololedwa, ndipo amene alibe chiphaso chilichonse angapemphe chaulere ku khonsolo.

Mayi aja adakavota pa 4 Julayi, m'holo yomwe ija amavotera chaka ndi chaka, ngakhale ankang'ung'udza kuti maina a pa pepala sakuwadziwa. Titakumananso ndidawafunsa za adzukulu awo awiri amene akukhala nawo, onse ogwira ntchito yosamalira okalamba, amene adafika muno mu 2022. Adandiyang'ana modabwa nati: "Aja? Aja ndi a viza chabe, achimwene." Ndidawauza kuti Lamulungu likudzalo abwere nawo kumapemphero, aliyense atatenga nambala yake ya National Insurance.